KODI TIKUKONDA GALU KAPENA NKHOPE YAKE?

Ku England kuli mtundu wa galu wotchedwa bulldog, umene eni dziko amaunyadira kwambiri mpaka kuuyesa chizindikiro cha mtima wao wosagonja. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ojambula zithunzi ankakonda kufanizira Winston Churchill ndi galu ameneyu, ngakhale kuti iye mwini ankaŵeta agalu a mtundu wina wotchedwa poodle. Bulldog ndi galu wamfupi, wa chifuŵa chotambalala, wa mutu waukulu, wa nkhope yamakwinya ndi mphuno yophwatalala. Onse amene adakhala naye pakhomo amamchitira umboni kuti ngwofatsa, woleza mtima ndi ana, ndiponso wokonda mbuyake. Munthu akafuna kugula mwana wa galu wotere, anzake amamlangiza kuti apite kwa woŵeta wodalirika, asagule kwa wina aliyense. Malangizo ameneŵa ngabwino ndithu, koma kuseri kwake kuli funso lina lozama, loyenera kuti Mkhristu aliganizire.

Funsolo ndi ili: kodi munthu ali ndi ufulu wotani pa cholengedwa chimene maonekedwe ake adachita kuŵaumba yekha, maonekedwewo akakhala kuti ndiwo akuchizunza? Nanga wogula, amene sadaumbe kanthu koma adangotulutsa ndalama, mlandu wake uli pati? Mwina aŵerengi ena adabwa kuti nkhani ya agalu ikufunanji pa tsamba lino. Ndikupempha kuti tileze mtima, pakuti mtima wa munthu umaonekera bwino pa zimene amachitira chinthu chosatha kumuyankha kapena kukamsumira kubwalo.

Tiyeni tiyambe ndi mbiri yake. Dzina la galuyu likuchokera ku ntchito imene ankagwira kale, pakuti litanthauza galu wa nkhunzi. Kwa zaka mazana angapo, Angerezi anali ndi maseŵera omangirira ng'ombe yamphongo pa chikhomo pakati pa bwalo, nkumasula agalu kuti akaigwire pamphuno, anthu akukuwa ndi kubetcherana ndalama. Ogulitsa nyama ankakhulupirira kuti ng'ombe yozunzidwa chotere nyama yake imafeŵa. Galu wa masiku amenewo, monga zithunzi zakale zikuonetsera, anali wa miyendo yaitaliko, waliŵiro, ndi wa mphuno yoonekera bwino. Pang'onopang'ono chikumbumtima cha anthu chidayamba kudzuka. M'chaka cha 1822 Richard Martin adapititsa m'Nyumba ya Malamulo lamulo loteteza ng'ombe ndi akavalo ku nkhanza. Mu 1824 bungwe loteteza nyama lidakhazikitsidwa ku London, ndipo mwa oliyambitsa mudali mbusa wa mpingo wa Anglican, Arthur Broome, ndi William Wilberforce, yemwe uja adalimbana ndi malonda a akapolo. Potsiriza, mu 1835, maseŵera aja adaletsedwa.

Ntchito itamthera, galu uja adasanduka wa chionetsero. Chionetsero choyamba cha agalu chidachitika ku Newcastle mu 1859, bungwe la Kennel Club lidayamba mu 1873, ndipo mu 1875 okonda bulldog adapanga bungwe laolao, lokhala ndi malamulo onena za m'mene galu wabwino ayenera kuonekera. Tiyenera kuŵayamikira oŵeta a nthaŵi imeneyo pa chinthu chimodzi: adachotsa ukali mwa galuyo, namsandutsa bwenzi la pakhomo. Komatu mphotho zinkapita kwa galu wa mutu waukulu koposa, wa nkhope yaifupi koposa, wa chibwano chotulukira kutsogolo. Motero mbadwo ndi mbadwo oŵeta ankasankha agalu otere kuti ndiwo abereke, mpaka mphuno idaloŵa m'kati mwa nkhope. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adakhala pansi nkunena kuti tiyeni timzunze galuyu. Aliyense ankangoonjezerapo pang'ono pa chimene maso ake ankachikonda.

Zotsatira zake madokotala a ziŵeto amazidziŵa bwino. Mafupa a nkhope adafupika, koma mnofu wa m'kati sudachepe molingana nawo. Tsono lilime ndi mnofu wa kumwamba kwa m'kamwa zimapanikizana kukhosi, ziboo za mphuno nzopapatiza, ndipo mwa agalu ena njira ya mpweya yotsikira ku mapapo njaing'ono. Galu satulutsa thukuta thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa popuma ŵefuŵefu. Galu wovutika kupuma, tsono, amavutikanso kuzizira, ndipo dzuŵa likaŵala kwambiri angathe kukomoka ngakhale kufa kumene. Nchifukwa chake makampani ambiri a ndege amakana kunyamula agalu a nkhope yotere m'chipinda cha katundu. M'makwinya a nkhope mumasungika chinyezi ndipo mumabuka zilonda. Maso nawo amadwala kaŵirikaŵiri. Pobereka pali vuto linanso: mutu wa mwana ngwaukulu pamene chiuno cha make nchopapatiza. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2010 adapeza kuti pa maulendo 100 alionse amene bulldog wabereka, oposa 80 amatheka ndi opaleshoni. Mu 2022 akatswiri a ku Royal Veterinary College ku London adaŵerengera kuti galu wamba wa m'dzikomo amayembekezeka kukhala zaka zoposa 11, galu wamng'ono wotchedwa Jack Russell pafupifupi zaka 13, koma bulldog zaka 7 ndi miyezi yoŵerengeka chabe.

Zinthu izi sizidapite osazindikirika. Mu 2008 wailesi yakanema ya BBC idaonetsa poyera mavuto a agalu a chionetsero, ndipo chaka chotsatira Kennel Club idasintha malamulo ake a maonekedwe a bulldog. Mu 2019 bungwe lomweli pamodzi ndi University of Cambridge lidayambitsa njira yoyezera kapumidwe ka agalu ameneŵa: dokotala amamvetsera galu asanayende ndiponso atayenda mofulumira kwa mphindi zitatu, nkumuika pa gawo 0, 1, 2 kapena 3, ndipo wa gawo 3 sayenera kubereketsedwa. Chaka chomwecho boma la Netherlands lidayamba kulimbikitsa lamulo loletsa kubereketsa agalu a mphuno yaifupi mopitirira muyeso. Ku Norway nkhaniyi idafika kubwalo la milandu. Mu Januwale 2022 bwalo la ku Oslo lidagamula kuti kubereketsa bulldog nkuphwanya lamulo losamalira nyama, koma mu Okutobala 2023 bwalo lalikulu la dzikolo lidalola kuti kupitirire, pokhapokha ngati oŵeta akutsata ndondomeko yoyeza thanzi la agaluwo. Apa tikuona kuti ngakhale oweruza ophunzira sadagwirizane msanga. Nkhaniyi siyapafupi ai.

Nanga chikhulupiriro chathu chikutiunikira bwanji? Buku la Genesis limatiuza kuti Mulungu adampatsa munthu ulamuliro pa nyama zonse, nazibweretsa kwa Adamu kuti azitche maina. Koma buku lomwelo limanenanso kuti munthu adaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ulamuliro wake, tsono, uli ngati wa kapitao amene mwini munda adzamfunsa za m'mene adayendetsera zinthu. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992, pa ndime 2415 mpaka 2418, amaphunzitsa kuti nkololedwa kugwiritsa ntchito nyama pa chakudya, pa zovala, pa ntchito ndi pa kutisangalatsa, koma kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa chokwanira nkosayenerana ndi ulemerero wa munthu. Onani bwino mfundo imeneyi: chimene chimaonongeka ndi ulemerero wa munthu mwini wake. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kale kuti wozoloŵera kuchitira nkhanza nyama amafika pochitira nkhanza anthu anzake, ndipo Papa Francis adabwereza phunziro lomweli m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, potikumbutsa kuti mtima wathu ndi umodzi.

Pali chinanso chimene Malembo Oyera amachitchula mobwerezabwereza, ndicho mpweya. Munthu adakhala wamoyo pamene Mulungu adamuuzira mpweya m'mphuno mwake, ndipo Salimo 104 limaonetsa kuti zamoyo zonse zimadalira mpweya wochokera kwa Iye. Mpweya ndi mphatso yoyamba imene cholengedwa chimalandira ndiponso yotsiriza imene chimabweza. Nkoyenera tsono kuti tichite mantha pang'ono poona kuti ife, pofuna kukondweretsa maso athu, tidapanikiza khomo lenileni lodzera mphatso imeneyi.

Wina adzati: kodi si kuyambira kale kuti munthu amasankha mbeu? Mlimi amapatula ngala zazikulu za chimanga kuti adzabzale, ndipo woŵeta amasunga tonde wamphamvu kuti khola likhale labwino. Nzoona zimenezo, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Agalu onse amene tili nawo adachokera m'kusankha kotereku, ndipo kudatipatsa galu wosaka, galu wolondera nkhosa, ndi galu wotsogolera wakhungu. Kusankha mbeu ndi njira imodzi imene munthu amagwirira ntchito pamodzi ndi Namalenga. Chofunika kufunsa nchakuti tikusankhiranji, ndipo mtengo wake akulipira ndani. Mlimi wosunga tonde wamphamvu amapeza phindu, mbuzi zake nazonso zimakhala zathanzi. Pa bulldog, chimene ife timapindula ndi kuseka ndi kunyada, pamene iye amalipira ndi usiku wosagona bwino ndi zaka zochepa za moyo. Phindu ndi mtengo sizikulingana.

Apa ndi pamene tiyenera kudzifunsa tanthauzo la chikondi. Eni agalu ameneŵa amaŵakonda zedi, ndipo kungakhale kuŵanamizira kunena kuti ngankhanza. Katswiri wina wa makhalidwe a nyama, Konrad Lorenz, adafotokoza mu 1943 kuti mutu waukulu, maso aakulu ndi nkhope yophwatalala zimadzutsa mwa ife chifundo chimene timamvera khanda. Mtima wathu umakokedwa tisanaganize nkomwe. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkonono umene alendo amaseka nawo pabalaza, dokotala akaumva amadziŵa kuti ndi kulira kwa khosi lopanikizika. Galu wogona atatsamiritsa chibwano pa chinthu, kapena wogona chokhala, kaŵirikaŵiri akufuna njira yopitira mpweya. Aphunzitsi a Mpingo amati kukonda ndiko kufunira wina zabwino. Ngati zili choncho, muyeso wa chikondi chathu ngwapafupi: kodi tingamlandire bulldog wa mphuno yaitaliko, wa makwinya ochepa, wosapambana mphotho, koma wotha kuthamanga ndi ana pabwalo? Tikayankha kuti ameneyo sakutikomera, ndiye kuti chimene tinkakonda ndi nkhope.

Wogula sangadzichotse m'mlanduwu ponena kuti iye adampeza galuyo atabadwa kale. Msika umabala chimene anthu akufuna. Agalu a nkhope yophwatalala atatchuka, padabuka anthu oŵeta agalu ngati fakitale, osunga zazikazi m'tizipinda tauve ndi kuzibereketsa kosalekeza, ana ake nkumagulitsidwa kudzera mwa amalonda ena kapena pa intaneti. Pofuna kuthetsa zimenezi, kuyambira pa 6 Epulo 2020 lamulo la ku England limaletsa kugulitsa mwana wa galu wosakwana miyezi isanu ndi umodzi kudzera mwa munthu wachitatu. Wogula ayenera kupita kwa woŵeta mwini wake kapena ku malo osungirako agalu otayidwa. Lamuloli amalitcha Lucy's Law, pokumbukira galu wamkazi amene adapulumutsidwa ku malo otere ku Wales mu 2013. Ena amagula kagalu kodwala chifukwa cha chisoni, poganiza kuti akukapulumutsa. Chisoni chao nchabwino, koma ndalama yao ndiyo imaitanitsa kagalu kena kodzaloŵa m'malo mwake.

Nanga woŵeta wodalirika timamdziŵa bwanji? Safunsa adadya phula. Woŵeta wabwino amakulandira pakhomo pake nkukuonetsa tiana tili pamodzi ndi make. Amakuonetsa zikalata za dokotala zonena za kapumidwe ka make ndi bambo wake, ndipo sakwiya ukafunsa ngati makeyo adabereka yekha kapena ndi opaleshoni, ndiponso kuti wabereka kangati. Sapereka mwana wosakwana masabata asanu ndi atatu. Amakuuza matenda a mtunduwo mosabisa. Iyenso amakufunsa mafunso ambiri: umakhala kuti, masana galu adzatsala ndi yani, ndalama za kuchipatala udzazipeza bwanji. Amalonjeza kumlandiranso galuyo ukadzalephera kumsunga. Munthu wotere sakhala ndi tiagalu nthaŵi zonse, motero umayenera kudikira miyezi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene akukufulumizitsa kuti ulipire lero, kapena akuti mukumane pamseu, chimene akusamala ndi thumba lako.

Komabe tinene zoona zonse. Woŵeta wodalirika amachepetsa vuto, salichotsa. Mu 2016 akatswiri a ku University of California ku Davis adapeza kuti agalu a mtunduwu ngapachibale kwambiri, kotero kuti nkovuta kukonza thanzi lao popanda kusakaniza ndi magazi a mitundu ina. Pa chifukwa chimenechi ena amati mtunduwu ungosiyidwa, pamene ena amati oŵeta abwino akaleka, msika wonse udzatsala m'manja mwa oipa. Maganizo anga ndi aŵa. Njira yoyera koposa ndiyo kutenga bulldog amene ali kale ku malo osungirako agalu otayidwa, pakuti pamenepo ukuthandiza wovutika popanda kuitanitsa wina. Njira yachiŵiri ndiyo kusankha galu wa mtundu wina. Amene mtima wake wakakamira pa kugula mwana wa bulldog sindingamuweruze kuti wachimwa, malinga ngati ndalama yake ikupita kwa woŵeta amene akubweza mtunduwu ku thanzi, ndipo iye mwini ngwokonzeka kusankha galu wopuma bwino ngakhale akhale wosakongola m'maso mwa anzake.

Kugula nkuyamba chabe. Walira mvula walira matope. Mwini bulldog ayenera kupukuta makwinya a galu wake tsiku ndi tsiku, kumyendetsa m'maŵa kapena madzulo kukazizira, kusamala kuti asanenepe popeza mafuta amaonjezera kubanika, ndi kumtengera kwa dokotala msanga. Lamulo la ku England ndi Wales la mu 2006 limatchula zinthu zisanu zimene mwini chiŵeto ayenera kupereka: malo oyenera, chakudya choyenera, mpata wochita monga mwa chibadwa chake, kukhala ndi zinzake kapena pachokha monga mwa mtundu wake, ndi chitetezo ku zoŵaŵa ndi matenda. Zonsezi zimadya ndalama, ndipo apa Katekisimu uja ali ndi chenjezo lachiŵiri limene okonda nyama sakonda kulimva: nkosayenera kuonongera nyama chuma chimene chikadayenera kuyamba chathandiza anthu ovutika, ndipo chikondi choyenera munthu tisachipereke kwa nyama. M'fanizo la Ambuye Yezu la munthu wachuma ndi Lazaro, agalu ndiwo adamuyandikira mmphaŵi uja pachipata, pamene mwini nyumba sadamuone. Kungakhale kumvetsa chisoni Mkhristu atadziŵa bwino kapumidwe ka galu wake, koma osadziŵa dzina la wodwala wa nyumba yoyandikana nayo. Tsono ndalama ziŵerengedwe galu asanagulidwe. Akafika pakhomo, ngongole ya kumsamala siingakanidwenso.

Kwathu kuno bulldog saonekaoneka, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Shire kungamuike pa ngozi yaikulu. Koma funso lija ndi lathu lomwe. M'mizinda mwathu mtima wofuna galu wachizungu kuti anthu atione ukukula, ndipo tiana ta agalu timagulitsidwa m'mbali mwa mseu tili padzuŵa, popanda wodziŵa kumene make ali. Pamene tikusirira agalu akunja, galu wathu wa m'mudzi, amene thupi lake lidazoloŵera dziko lino, timamponya miyala kapena kummanga pa unyolo waufupi tsiku lonse popanda madzi, kuti akhale waukali usiku. Udindo wa mwini galu kuno umakhudzanso moyo wa anthu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse limaŵerengera kuti matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, makamaka mu Africa ndi Asia, ambiri mwa iwo ana, ndipo pafupifupi onse amaŵatenga kwa galu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, matendaŵa amaleka kufala, ndipo ntchito yotemera agalu ambiri nthaŵi imodzi idayamba ku Blantyre mu 2015 ndi cholinga chimenechi. Munthu wonyalanyaza kubayitsa galu wake akuseŵera ndi moyo wa mwana wa mnzake.

M'buku la Tobiti muli kanthu kakang'ono kamene ambiri timakadumpha poŵerenga. Pamene Tobiasi ankanyamuka ulendo wake wautali pamodzi ndi mngelo Rafaele, galu adatsagana nawo, ndipo pobwerera anali nawobe. Wolemba sadatiuze mtundu wake kapena maonekedwe a nkhope yake. Chimene tikudziŵa nchakuti adatha kuyenda ulendo wonsewo, kupita ndi kubwera. Abale anga, amene akuganiza zogula galu, kaya ku London, ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, ayambe wadzifunsa ngati galuyo angathe kuyenda naye ulendo. Ndipo amene tili naye kale galu pakhomo, madzulo ano tikayang'ane ngati m'mbale mwake muli madzi, ndi kukumbukira chaka chimene adalandira katemera womaliza.